Ndege Siuluka ndi Mapiko Okha

Pali mawu amene ndatopa kuwamva. Wailesi ikangolengeza kuti ogwira ntchito pa bwalo la ndege lakutilakuti anyanyala ntchito, sipalephera kupezeka munthu, kawirikawiri wovala tayi ngati ine ndemwe, wopukusa mutu n'kumati: "Anthu amenewa ndi odzikonda. Mkangano ndi wa iwo ndi mabwana awo, nanga apaulendo alakwanji?" Akamvanso kuti ena mwa onyanyalawo sadalakwiridwe kanthu, angolowerera pofuna kuthandiza anzawo a kampani ina, ndiye mkwiyo wake umachita kusefukira. Amati kumeneko n'kulira maliro kuposa anamfedwa.

Ine ndikukana. Ndikuti munthu amene amasiya ntchito yake chifukwa cha mnzake ndiye wamvetsa chimene yuniyoni idakhazikitsidwira. Ndikutinso lamulo lililonse lomuletsa kutero limasandutsa ufulu wokambirana za malipiro monga gulu kukhala thumba lopanda ufa. Kuti ndisaoneke ngati ndikungobwebweta, tiyeni tipite ku London tikaone zimene zidachitika pa bwalo la ndege la Heathrow.

M'mawa wa pa 10 Ogasiti 2005, antchito a kampani ya Gate Gourmet, imene inkaphika ndi kulongedza zakudya zodyera m'ndege za British Airways, adapeza nkhope zachilendo pamalo awo a ntchito. Adali aganyu amene kampani idawabweretsa, chonsecho kwa miyezi ingapo mabwana adakhala akunena kuti ndalama zikulowa m'madzi, antchito achuluka, ena achotsedwe, ndipo otsalawo avomere malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito koipirapo. Munthu aliyense wanzeru zake akadafunsa kuti, ngati tachuluka, nanga aganyuwa adzatani? Choncho antchitowo adasonkhana m'kantini kuti amve yankho. Yankho lidabwera lakuti abwerere ku ntchito nthawi yomweyo, apo ayi ntchito yatha. Anthu oposa 600 adachotsedwa, ena a iwo n'kumva za kuchotsedwa kwawoko pa chimkuzamawu ali chiimire panja.

Anthu amenewa sadali oyendetsa ndege ovala zipewa zonyezimira aja ayi. Ambiri adali amayi achikulire a m'mabanja ochokera ku India, makamaka ku Punjab, okhala m'madera a Southall ndi Hounslow pafupi ndi bwalolo. Ntchito yawo idali kuimirira tsiku lonse m'zipinda zozizira, kuika kampunga apa, kabuledi apa, kasupuni apo, pa mathireyi zikwizikwi. Ambiri ankalandira mapaundi pafupifupi 12,000 pachaka. Musafulumire kusandutsa ndalamazi m'makwacha n'kuyamba kusirira. Mu London, lendi ndi thiransipoti zikadya gawo lawo, zotsala zinkangokwanira kuti munthu adzuke mawa akagwirenso ntchito. Wokwera ndege sankawaona amayiwa. Iye ankangoona thireyi ikutera pamaondo pake ngati yagwa kuchokera m'mitambo.

Tsiku lotsatira, pa 11 Ogasiti, kudachitika chinthu chimene mabwana sadachiwerengere. Antchito a British Airways pafupifupi 1,000, opakira katundu m'ndege ndi oyendetsa mabasi a pabwalo, adasiya ntchito. Padalibe voti, padalibe kalata yochenjeza. Iwowa palibe adawadula malipiro, palibe adawaopseza. Adangoona kuti otayidwa panjawo ndi anzawo a yuniyoni imodzi, ya Transport and General Workers' Union, ndipo kwa ambiri a iwo adali akazi awo, alongo awo, azakhali awo ndi anansi opemphera nawo m'kachisi mmodzi. British Airways idaimika ndege zake zonse pa Heathrow. Maulendo mazanamazana adalephereka, apaulendo pafupifupi 100,000 adasokonezeka, ndipo kampaniyo idataya mapaundi pafupifupi 40 miliyoni. Dziko lapansi, limene dzana lake silinkadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Gate Gourmet, lidadziwa.

Sitalaka yoperekeza anzawoyo sidakwanitse masiku awiri. Idathyoledwa ndi lamulo. Boma la Margaret Thatcher lidayamba kumanga manja a mayuniyoni ndi lamulo la 1980, ndipo la 1990 lidamanga mfundo yomaliza: kunyanyala ntchito pa mkangano umene si wa iwe ndi wokulemba ntchito wako kudasiya kutetezedwa. Yuniyoni yovomereza sitalaka yotere ikhoza kusumiridwa n'kulipitsidwa ndalama zoti n'kuigwetsa. Choncho atsogoleri a yuniyoni adakakamizika kukana poyera sitalaka ya mamembala awo omwe. Opakira katundu adabwerera ku ntchito, ndipo pambuyo pake ena mwa atsogoleri awo a pabwalo adachotsedwa. Amayi aja adatsala pa kachitunda ka udzu m'mbali mwa msewu, atanyamula zikwangwani, ndege zikudutsa pamitu pawo. Mgwirizano utapezeka kumapeto kwa Seputembala, ena adabwezedwa pa ntchito, ambiri adapatsidwa kandalama kowatsanzika, ndipo ena kampani idanenetsa kuti sikuwafunanso.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tiimepo. Otsutsa amati Gate Gourmet ndi kampani ina, British Airways ndi inanso, choncho wopakira katundu adalowerera za eni. Papepala n'zoona. Komatu kufikira 1997 khitchini imeneyi idali ya British Airways, ndipo ena mwa amayiwa adalembedwa ntchito ndi British Airways yomweyo. M'chaka chimenecho kampaniyo idagulitsa khitchiniyo kwa Gate Gourmet, imene nthawiyo idali m'banja la makampani a Swissair. Swissair itagwa mu 2001, Gate Gourmet idagulidwa mu 2002 ndi Texas Pacific Group, gulu la ku America limene ntchito yake ndi kugula makampani kuti lidzawagulitse pa phindu. Mbaula zidali zomwezo, mathireyi omwewo, ndege zomwezo, manja omwewo. Chidasintha ndi dzina lolembedwa pamwamba pa pepala la malipiro. Ndipo amene ankalamula mtengo wa thireyi iliyonse, potero n'kumalamulanso chimene wolongedza thireyiyo angalandire, adali kasitomala wamkulu wa khitchiniyo, British Airways.

Taonani tsono mmene msamphawu udatcheredwera. Mayi wolongedza akapita kwa bwana wake, bwanayo akuti, manja anga ngomangika, kontirakiti imene andipatsa njochepa. Akapita kwa mwini ndege, mwini ndege akuti, sindikudziwa, si iwe wantchito wanga. Akatembenukira kwa mlongo wake wopakira katundu, amene yekha ali ndi mphamvu yogwedeza mwini ndegeyo, lamulo likuti asayerekeze. Nanga akambirana ndi yani? Ufulu wokambirana ali nawo, inde, koma munthu amene akuloledwa kukambirana naye alibe makiyi a nkhokwe, pomwe mwini makiyi wabisala kuseri kwa kontirakiti. Kampani ili ndi ufulu wodziduladula m'zidutswa monga ikufunira, koma antchito alibe ufulu wolumikizanso zidutswazo. Kodi chilungamo chake chili pati pamenepa?

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mabwana okhaokha amaperekezana masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amawatcha osamvera lamulo. Mu Julayi 2017, osamalira apaulendo m'ndege za British Airways atanyanyala ntchito motsatira malamulo onse, kampaniyo idabwereka ndege za Qatar Airways pamodzi ndi antchito ake kuti maulendo asaime. Imeneyo si sitalaka yoperekeza yotembenuza? Bwana akathandiza bwana mnzake, timati ndi bizinesi. Wantchito akathandiza wantchito mnzake, timati ndi chipolowe. Mawu awiriwa sadagwe kumwamba. Adasankhidwa ndi anthu amene akudziwa mbali imene akudyera.

Sindibisa zimene zingafooketse mlandu wanga. Amayi a Gate Gourmet sadavote asadasonkhane m'kantini muja, ndipo kampaniyo idanena kuti inkataya ndalama zambiri. Koma tisaiwalenso kuti m'masiku omwewo nyuzipepala ya Daily Mirror idatulutsa chikalata cha m'kati mwa kampaniyo chofotokoza njira yoputira antchito kuti anyanyale popanda voti, kenako kuwachotsa n'kulemba otsika mtengo. Kampani idavomera kuti chikalatacho chidalembedwadi, koma idati chidali maganizo akale amene sadatsatidwe. Owerenga aweruze okha. Ine ndingoti mbuzi ikasowa m'khola, ndipo mnansi wako wapezeka ndi pepala lofotokoza mmene angatsegulire kholalo, sungadzudzulidwe ukayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Bungwe la dziko lonse loona za ntchito, ILO, lili ndi mapangano awiri akuluakulu pa nkhaniyi: la nambala 87 la 1948 lonena za ufulu wokhazikitsa mayuniyoni, ndi la nambala 98 la 1949 lonena za ufulu wokambirana monga gulu. Akatswiri a bungweli akhala akudzudzula Britain kuti kuletseratu sitalaka yoperekeza n'kupyola malire, ndipo kuti antchito ayenera kuloledwa kuthandiza anzawo ngati sitalaka yoyambayo ili yovomerezeka. Msonkhano waukulu wa chipani cha Labour mu 2005 udavota kuti lamulo lifewetsedwe, koma boma la Tony Blair, la chipani chomwecho chobadwa m'mayuniyoni, lidakana. Mu 2014 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, pa mlandu umene idadula yuniyoni ya RMT, lidavomera kuti sitalaka yoperekeza ndi mbali ya ufulu wosonkhana, koma lidati boma la Britain lili ndi danga loiletsa. Ndiye kuti ufulu ulipo, koma waikidwa pa tsindwi pamene mwini wake sangafikire.

Nanga apaulendo? Sindiwapeputsa. Mwa anthu 100,000 aja mudali wothamangira maliro a mayi ake, mudali mkwati, mudali wodwala, mudali ana ogona pa simenti. Ululu wawo udali weniweni. Koma ndikufunsa zinthu ziwiri. Choyamba, mu Meyi 2017 makompyuta a British Airways atazima, apaulendo pafupifupi 75,000 adasowa mtengo wogwira. Kodi alipo adaimirira kunena kuti pakhale lamulo lomanga manja a mabwana? Tidati ndi ngozi, tidadandaula, tidaiwala. Chachiwiri, ndani adasankha Ogasiti, mwezi wa tchuthi umene ndege za ku Ulaya zimadzaza mpaka pakhomo? Amayi aja sadadzichotse okha ntchito. Wochotsa anthu 600 pakati pa nyengo yotere ndiye adayamba kutchova juga ndi maulendo a anthu.

Ndipo tinene mosapsatira kuti sitalaka imene sipweteka aliyense si sitalaka, ndi pemphero la mumtima. Wantchito alibe fakitale, alibe ndege, alibe loya wa kampani. Chimene ali nacho ndi manja ake awiri ndi mphamvu yowapinda. Akawapinda zinthu n'kuima, kuimako ndiye umboni wa mtengo wa ntchito yake. Pa 9 Ogasiti wolongedza mathireyi adali munthu wosawerengedwa, woti n'kusinthidwa ndi waganyu. Pa 11 Ogasiti bwalo lalikulu la ndege la ku Ulaya lidagwada chifukwa cha iye. Sadasinthe ndi iye ayi. Tidasintha ndife, tidakakamizika kumuona.

Wina anganene kuti, chabwino, koma sitalaka yoperekezayo idapindulanji, popeza amayi ambiri sadabwerere pa ntchito? Yankho lake tilipeze poona zimene zimachitika pamene kuperekezana kulibiretu. Tiwoloke nyanja tipite ku America.

Pa 3 Ogasiti 1981, anthu pafupifupi 13,000 a m'nsanja za pa mabwalo a ndege, amene amauza ndege potera, ponyamukira ndi podutsa, adanyanyala ntchito pansi pa yuniyoni yawo ya PATCO. Ankafuna kuwonjezeredwa madola 10,000 pachaka, kugwira maola 32 pasabata ndi penshoni yabwino, ponena kuti ntchito yawo imakalambitsa munthu msanga. Adali antchito a boma ngati ine, ndipo lamulo lidawaletsa kunyanyala. Pulezidenti Ronald Reagan, amene PATCO idamuthandiza pa chisankho cha 1980, amenenso kale adali mtsogoleri wa yuniyoni ya ochita mafilimu, adawapatsa maola 48. Pa 5 Ogasiti adachotsa anthu 11,345 n'kuwaletsa kudzalembedwanso m'boma, chiletso chimene chidakhala mpaka Bill Clinton adachichotsa mu 1993. Pofika Okutobala 1981 yuniyoniyo idali italandidwa chilolezo.

Kuti PATCO idaphwanya lamulo, n'zoona. Ndikuvomeranso kuti ntchito zina, zimene miyoyo ya anthu imadalira, sizingasiyidwe mwachisawawa, ngakhale kuti woletsa munthu kunyanyala ayenera kumupatsa njira ina yamphamvu yomvekera, monga woweruza woima pakati amene chigamulo chake chimamanga mbali zonse. Koma funso langa lili pa anzawo. Oyendetsa ndege adapitiriza kuulutsa ndege. Amakaniko adapitiriza kumanga mabawuti. Anzawo a m'nsanja za ku Canada ndi ku Portugal adayesa kukana ndege za ku America kwa masiku ochepa, koma a pakhomo pomwepo adangoyang'ana. Mu Seputembala chaka chomwecho mayuniyoni adachita chionetsero chachikulu mu Washington, koma kuguba Loweruka n'kukalowa ntchito Lolemba sikuimitsa ndege. Chodabwitsa n'chakuti m'nyengo yomweyo Reagan ankatamanda yuniyoni ya Solidarity ya ku Poland chifukwa cholimbana ndi boma. Umodzi wa antchito unkakoma uli kwa eni.

Mabwana a m'makampani adaphunzira msanga. Ngati pulezidenti angachotse onyanyala onse n'kulemba ena, ife tilekerenji? M'chaka cha 1974 ku America kudachitika masitalaka akuluakulu 424, a anthu 1,000 kapena kuposerapo. Mu 2009 adalipo asanu okha. Zifukwa zake n'zambiri, sindikukana, koma chimodzi mwa izo chidabadwa m'sabata ija ya Ogasiti 1981. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Oyendetsa ndege ndi amakaniko sadazime, ndipo m'zaka zotsatira moto udafika pa zibwano zawo.

Udafikadi. Pa 20 Ogasiti 2005, patangopita masiku khumi amayi a ku Heathrow atachotsedwa, amakaniko ndi okonza m'ndege pafupifupi 4,400 a kampani ya Northwest Airlines adanyanyala. Kampani inkafuna kudula malipiro awo ndi pafupifupi 25 peresenti ndi kuchotsa pafupifupi theka la iwo. Sitalaka yawo idali yovomerezeka, ndipo lamulo loyendetsa nkhani za ntchito m'makampani a ndege ku America silimanga manja operekeza monga la ku Britain. Koma padali bala lakale. Zaka zingapo m'mbuyomo amakanikowa adatuluka m'yuniyoni yaikulu imene adalimo pamodzi ndi opakira katundu, n'kulowa ina yotchedwa AMFA, poganiza kuti iwo ndi amisiri ophunzira ndipo osaphunzirawo akuwabweza m'mbuyo. Tsiku la tsoka litafika, opakira katundu adalowa pageti, oyendetsa ndege adalowa, osamalira apaulendo adalowa. Kampani idali itakonzeratu amakaniko ena. Ndege zidauluka. Sitalakayo idakwawa mpaka Novembala 2006, ndipo ambiri mwa onyanyalawo ntchito zawo sadazionenso.

Ikani nkhani ziwirizi pamodzi, za mwezi umodzi, chaka chimodzi. Ku London lamulo lidaletsa kuperekeza koma mitima idalola, ndipo m'masiku awiri okha kampani imene inkati nkhaniyo si yake idakakamizika kulowererapo, mpaka mgwirizano udapezeka, wochepa inde, koma mgwirizano. Ku America lamulo lidalola koma mitima idakana, ndipo amisiri onyada aja adatsala okha padzuwa kwa chaka ndi miyezi. Phunziro lake ndi lowawa kwa ife apantchito, chifukwa likutiuza kuti mdani si lamulo lokha. Mdani winanso ndi kamtima kaja kotiuza kuti ine ndine wa giredi yapamwamba, za osesa sizindikhudza.

Kuti umodzi sudafe tidaona mu Ogasiti 2025 ku Canada. Osamalira apaulendo m'ndege za Air Canada pafupifupi 10,000 adanyanyala pa 16 Ogasiti. Limodzi mwa madandaulo awo lingakudabwitseni: malipiro awo ankayamba kuwerengedwa ndege ikatseka zitseko n'kuyamba kuyenda, kotero kuti nthawi yonse yokweza anthu, kuwakhazika pansi ndi kuona za chitetezo ndege ili chiimire inkapita ulele. Pasanathe tsiku boma lidalowerera ndipo adalamulidwa kubwerera ku ntchito. Adakana. Mayuniyoni ena a m'dzikomo adanena poyera kuti ali pambuyo pawo. Pa 19 Ogasiti kampani idavomera kuyamba kulipira gawo la nthawi ya pansi ija. Nkhani ya malipiro ena sidathere pomwepo, koma chimene kwa zaka zambiri chinkatchedwa chosatheka chidatheka m'masiku atatu.

Mwina mukudabwa kuti munthu wa kuno kwathu, wogwira ntchito m'boma, amene ndege amaionera m'mwamba ikamadutsa, watenthedwa ndi chiyani pa nkhani za ku London ndi ku America. Ndiulule. Ndili ndi ngongole.

Mu Febuluwale 2013 ife antchito a m'boma tidanyanyala ntchito. Ndati "ife" koma ndanama. Kwacha idali itagwetsedwa mu Meyi 2012, mitengo ya zinthu idakwera ngati utsi, malipiro ali pomwepo. Anzanga adakhala pansi pa mitengo kunja kwa maofesi. Ine ndidali mnyamata woyembekeza kukwezedwa, ndipo ndidadziuza kuti sitalaka ndi ya mamesenjala ndi makalaliki, munthu wa digiri amakambirana yekha ndi abwana. Ndinkalowera khomo lakumbuyo. Tsiku lina ndidakumana maso ndi maso ndi mesenjala wathu, bambo wachikulire wa msinkhu wa atate anga. Sadanditukwane. Adangoti, "Mwadzuka bwanji, bwana? Lowani, ife tikusungirani malo pamthunzi pano."

Sitalakayo idatenga pafupifupi masabata awiri boma likunena kuti ndalama palibe. Aphunzitsi adalowa, anamwino adalowa, ana asukulu adatuluka m'misewu. Kenako anzathu a pa bwalo la ndege la Kamuzu, amene nawonso adali antchito a boma, adasiya ntchito, ndipo ndege zochokera kunja zidalephera kutera. Pasanathe masiku atatu ndalama zimene kudalibe zija zidapezeka. Olandira zochepetsetsa adawonjezeredwa 61 peresenti, ndipo a pamwamba adalandira kochepa. Nanenso, wa khomo lakumbuyo, yanga idakwera. Pakutha pa mwezi bambo aja adandipeza pakhonde. "Zalowa, bwana?" Ndidayankha kuti, "Zalowa, abambo." Adamwetulira n'kunena kuti, "Chabwino. Tidakunyanyalirani." Mawu amenewo andikhala pakhosi ngati munga wa nsomba kufikira lero.

N'chifukwa chake ndikamva wovala tayi akunyoza onyanyala a pa bwalo la ndege, ndimamva liwu langa lomwe la 2013, ndipo ndimachita manyazi. Tchuthi cholipidwa chimene amapita nacho kumudzi, maola asanu ndi atatu a ntchito, penshoni imene akuiyembekeza, akuganiza kuti zidachokera ku chifundo cha mabwana? Alipo adamunyanyalira. Ena a iwo adachotsedwa ntchito, ena adamangidwa, ndipo mu Meyi 1992, sitalaka imene idayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre itafalikira, ena adafa ndi zipolopolo. Ufulu umene uli m'gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino, wokhazikitsa yuniyoni ndi wonyanyala ntchito, udagulidwa pa mtengo umenewo.

Tisaganize kuti msampha wa ku Heathrow uli kutali. Yang'anani m'maofesi mwathu. Mlonda wa pageti wavala yunifolomu ya kampani ina, mayi wokolopa ndi wa kontirakitala wina, wotchetcha kapinga ndi waganyu. Tonse timalowa geti limodzi, timamwa madzi a mpopi umodzi, koma papepala ndife alendo. Tsiku limene mayi wokolopayo adzakhale miyezi itatu osalandira, tidzauzidwa kuti si nkhani yathu, akadandaule kwa bwana wake. Ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la za ubale wa pantchito kuti wolemba ntchito athe kudula malipiro a wonyanyala akapitirira masiku atatu pachaka. Sitalaka ya 2013 ikadayezedwa ndi muyeso umenewo, woyamba kugonja ndi njala akadakhala mesenjala uja, amene adalibe kakusunga kalikonse. Lamulo lotere limadalira kuti ife a magiredi apamwamba tidzapitiriza kulowera khomo lakumbuyo.

Choncho pempho langa lili pawiri. Kwa opanga malamulo, kulikonse kumene ali: ngati mwalola kampani kugulitsa khitchini yake, alonda ake ndi osesa ake kwa makontirakitala, lolaninso antchito a m'zidutswa zimenezo kuimirira pamodzi. Ikani malire ngati mukufuna, pakhale voti, pakhale chenjezo, ntchito zopulumutsa miyoyo zisaime. Koma musatiuze kuti munthu ali ndi ufulu wokambirana pomwe mwamutsekera m'chipinda ndi munthu wopanda makiyi. Kwa ife apantchito: yuniyoni si sitolo yokagulako malipiro ako wekha. Yuniyoni ya oyendetsa ndege imene siona wolongedza mathireyi, kapena ya maofesala imene siona wokolopa, ikudzikumbira dzenje la AMFA. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ngakhale chitavala mphete yagolide.

Ndege ikamadutsa pamwamba pa nyumba yanga madzulo, ana amaloza mapiko ndi nyali zake. Ine ndimaganiza za amene adaimwetsa mafuta, amene adamanga mabawuti ake, amene adapakira masutikesi m'mimba mwake msana ukuwawa, amene adalongedza kampunga m'chipinda chozizira mbandakucha, ndi amene ali m'nsanja maso ali pa galasi kuti isagundane ndi inzake. Mmodzi wa iwo akachitiridwa nkhanza, enawo ali ndi ufulu wonena kuti lero siuluka. Bambo aja adapuma ntchito kalekale ndipo malo a pamthunzi amene adandisungira sindidakhalepo. Tsiku likadzafikanso, kaya mkanganowo udzakhala wa giredi yanga kapena wa mayi wokolopa wa kontirakitala, ndidzakhala pansi pa mtengo.